Kusankha Makina Osindikizira a Pakhomo

Aphunzitsi ndi makolo a ku Minga, tamverani. Makina osindikizira okhala ndi thanki ya inki, amene kampani ya Epson inayamba kugulitsa ku Indonesia mu 2010, ngokwera mtengo pogula, koma inki yake ya m'mabotolo njotsika mtengo, ndipo imasindikiza masamba zikwi zingapo. Tsono musathamangire dzina lokha. Yambani mwafunsa: kodi inki yoyenera makinawo ipezeka ku Petauke, kapena muzidikira basi yochokera ku Lusaka?

Makinawa sadya magetsi ambiri, kotero kuti ngakhale magetsi a dzuwa angathe kuwayendetsa. Chimene amadana nacho ndicho kugonekedwa. Mukawasiya mwezi wathunthu pa tchuthi, inki imauma m'timabowo totulukira, ndipo kutsegula kwake kumatha inki yambiri. Sindikizani tsamba limodzi la mitundu yonse sabata iliyonse, ndipo mukatha muwafunditse nsalu chifukwa cha fumbi.