NKHATA ZA M'MSANA NDI MPENI WA DOTOLO

Madzulo ano tikambirana za kuwawa kwa msana ndi khosi, pakuti kumene anthu alima ndi khasu nasenza mitolo pamutu, bvuto limeneli silisowa. Ena a inu mwamva mbiri yakuti madotolo akhoza kucotsa ciwalo cakutha ca m'msana ndi kuikapo cina copanga. Mbiriyo njoona, koma yambani mwaimva yonse musanagulitse ng'ombe.

Msana wa munthu uli ndi mafupa 33 osanjikizana, ndipo 7 mwa iwo ali m'khosi. Pakati pa mafupawo pali tinkhata 23, timene madotolo aticha madisiki. Monga mai aika nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko, coteronso nkhata zimenezi ziteteza fupa lisakhulane ndi linzace. Kunja kwace nkolimba, m'kati mwace mofewa ngati phala. Munthu akamakalamba nkhatayo iuma niphwa. Nthawi zina ing'ambika, zam'kati zituruka nizipsinja mtsempha. Pamenepo ululu utsika ndi mwendo, kapena dzanja licita dzanzi.

M'caka ca 1911 madotolo awiri a ku New York, Hibbs ndi Albee, anaonetsa njira yolumikiza mafupa a msana kuti akhale ngati fupa limodzi. Njirayi igwirabe nchito lero lino, koma polumikizapo sipapindikanso, ndipo katundu agwera nkhata zoyandikana. Cifukwa cace anthu anafunafuna nzeru yina. Dotolo Ulf Fernström wa ku Sweden anayesa kuika timipira ta citsulo, nalemba za nchitoyo mu 1966, koma timipirato tinali kulowa m'fupa. Mu 1984, pa cipatala ca Charité ku Berlin, Kurt Schellnack ndi Karin Büttner-Janz anayamba kuika nkhata ya zitsulo ziwiri zokhala ndi pulasitiki pakati, yolola msana kuwerama. Boma la America linabvomereza nkhata yotere ya m'ciuno mu 2004, ndi ya m'khosi mu 2007.

Tsono opaleshoniyi si ya masewera ai. Pofuna kufika ku msana dotolo ang'amba pamimba, kapena kutsogolo kwa khosi, pafupi ndi mitsempha ikuruikuru ya mwazi. Mtengo wace ngwaukuru, ndipo siiyenera munthu ali yense. Amene mafupa ace afooka ndi ukalamba, kapena ali ndi matenda odya fupa, saikidwa nkhata yopanga. Ngakhale woyenerayo, madotolo ayamba amuyesa ndi mankhwala ndi kulimbitsa thupi miyezi ingapo. Walira mvula walira matope.

Cotonthoza mtima nci: misana yambiri yowawa icira yokha m'masabata owerengeka, popanda mpeni. Musagone pamphasa masiku ambiri; yendani pang'onopang'ono. Ponyamula thumba la cimanga kapena la nsawa, pindani maondo, thumbalo likhale pafupi ndi thupi, ndipo lolemera mugwirizane awiri. Polima, muziweramuka kawirikawiri.

Koma pali kuwawa kwina kosayenera kuzengereza nako. Ngati msana uwawa usiku wonse, munthu naonda, natuluka thukuta pogona, kapena pamsana pamera linunda, kapena imeneyo ndi TB ya m'mafupa. Mphini siziicotsa, imva mankhwala a TB okha, amene apatsidwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo amwedwa miyezi yambiri osalekeza. Wocedwa akhoza kupuwala miyendo. Ngatinso miyendo ifooka, kapena mkodzo ndi cimbudzi zikana kapena zituruka zokha, mtengeni wodwalayo tsiku lomwelo kunka naye ku cipatala ca boma ca Chadiza. Akaona kuti nkofunika, adzamtumiza ku cipatala cacikuru ca ku Chipata, kapenanso ku UTH ku Lusaka.

Potsiriza, wina akakuuzani kuti msana watsopano ugulidwa ku India kapena ku Joni, yambani mwafunsa dotolo amene wakupimani: kodi cabvuta ndi nkhata, kapena ndi cinthu cina? Safunsa anadya phula.

Tsalani bwino, mugone kutali ndi moto.