Wodwala Amene Sadwala

Usiku uno tikambe za sewero m'sukulu za udotolo.

M'caka ca 1963, pa University of Southern California ku America, dotolo wa matenda a mitsempha, dzina lace Howard Barrows, anaphunzitsa mai wina wathanzi kucita monga wopuwala miyendo. Ophunzira udotolo anamfunsa mafunso namupima, ndipo pambuyo pace maiyo analemba m'mene ali yense anacitira. Lero sukulu zambiri za udotolo zitsata njira imeneyi, ngakhale pa mayeso.

Nanga phindu lace n'ciani? Wodwala weniweni, makamaka wosauka, sadzudzula dotolo, pakuti aopa. Angobwerera kwao, ciri mumtima osacinena. Koma wosewera alibe mantha. Anena poyera kuti, "Simunandiyang'ane kumaso, ndipo munandidula mau ndisanafike pa cimene candibweretsa." Wophunzira akalakwa pamenepo palibe wakufa, angoyesanso mawa. Motero aphunzira kufunsa mofatsa, ndi kunena uthenga wowawa mwaulemu.

Dotolo apeza matenda ndi makutu asanagwire munthu ndi manja. Cotero inunso mukapita ku cipatala, nenani zonse osabisa. Tsalani bwino.