Tisamale Moto Pakhomo Pathu

Mawu olankhulidwa kwa ophunzira a sukulu za Kwacha m'boma la Ntcheu

Lero sitiphunzira masamu ayi. Tikambirana za moto.

Moto ndi bwenzi lathu. Umatiphikira nsima. Umatifunditsa m'miyezi yozizira. Koma bwenzi lomweli likalusa silidziwa mwini wake.

Chaka china ndikuyendera makalasi, ndinafika pamudzi wina m'mawa. Ndinapeza anthu atakhala chete ngati pamaliro. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anali atakhala paphulusa, manja ali m'masaya. Dzulo lake anapita kukatunga madzi, nasiya chikuni chikuyaka pamafuwa. Mphepo inaulutsira moto kumpanda wa udzu. Mpanda unapatsira khitchini, khitchini inapatsira nkhokwe. Chimanga cha chaka chonse chinathera pomwepo. Mwayi wake ana anali panja. Mayiyo anandiuza kuti, "Aphunzitsi, sindinachedwetu kumjigoko." Zoonadi sanachedwe. Koma moto sudikira munthu.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake tabwera kudzakumbutsana.

Ozimitsa moto ali kutali

Magalimoto ozimitsa moto amapezeka makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Amayang'aniridwa ndi makhonsolo a mizindayo. Kuchokera pa boma la Ntcheu kukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo. Nanga nyumba ya udzu imatenga nthawi yotani kuti ipse? Mphindi zochepa chabe. Tsono ozimitsa moto oyamba pamudzi pathu ndife tomwe. Ndipo njira yabwino koposa ndi kuuletsa moto usanabuke.

Pophikira

Khitchini ndi nkhokwe zitalikirane ndi nyumba yogona. Musaunjike nkhuni kapena udzu wofolerera pafupi ndi mafuwa. Mukatha kuphika, zimitsani zikuni zonse. Phulusa musalitaye kudzala lisanazizire, chifukwa mkati mwake mumabisala makala amoto. Lithireni madzi kaye.

Mwana wokwawa asatsale yekha pamene pali moto, phala lotentha kapena madzi owira. Machesi muziika pamwamba, posafikira ana.

Ngati pakhomo pali munthu wodwala khunyu, asamaothe moto kapena kuphika ali yekha. Akagwa pamoto, mukokeni msanga. Musaope. Khunyu sapatsirana pomugwira munthu. Ambiri apsa kwambiri chifukwa anzawo ankaopa kuwakhudza.

Usiku m'nyumba

Kandulo ndi koloboyi zatentha nyumba zambiri. Kandulo muziimika m'mbale yachitsulo kapena m'kachitini kamchenga. Ikhale kutali ndi nsalu, makatani ndi neti yotetezera udzudzu, pakuti neti imagwira moto msanga. Musagone kandulo ikuyaka. Musatsekere ana m'nyumba muli nyale yoyaka inu n'kupita kumaliro kapena kumsika. Ngati mungathe, gulani tochi kapena nyale ya sola.

Tsopano mvetsetsani ichi, makamaka inu a ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Biriwiri, kumene kumazizira kwambiri mu June ndi July. Musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka amagona osadzukanso. Banja lonse likhoza kutha usiku umodzi, nyumba osapsa n'komwe. Othani moto chitseko kapena zenera lili lotsekula. Pokagona tulutsani mbaula panja.

Magetsi ndi petulo

Inu okhala pa boma ndi m'malo a malonda monga pa Kampepuza, samalani ndi magetsi. Woika mawaya m'nyumba akhale munthu wophunzira ntchitoyo, wokhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la MERA. Kukoka magetsi mobera, a ESCOM osadziwa, ndi mlandu, ndiponso kumayambitsa moto. Musalumikize zinthu zambiri pa soketi imodzi. Magetsi akazima, zimitsani mbaula yamagetsi ndi simbi nthawi yomweyo. Magetsi amabwerera osaodira, mwina inu mutagona kapena mutachoka.

Masiku ano anyamata athu ambiri ali ndi njinga zamoto za kabaza. Mafuta akasowa, ena amasunga petulo m'zigubu kuchipinda. Zimenezi n'zoopsa kwambiri. Mpweya wa petulo umayaka ngakhale kandulo ili patali ndi chigubu. Kugulitsa petulo popanda chilolezo malamulo amaletsa. Petulo asagone m'nyumba imene mukugona anthu.

Kumsika

Misika ikuluikulu ya m'mizinda yathu yapsapo, ndipo amalonda anataya katundu wambiri. Pamsika mashopu amakhala mothithikana, choncho moto wa munthu mmodzi umasaukitsa anthu ambiri. Poweruka, aliyense azimitse mbaula yake. Tisatseke njira zapakati ndi mabenchi kapena matumba.

Kuno kwathu mbatatesi ndi zambiri, ndipo ambiri timakazinga tchipisi pachiwaya. Mafuta akagwira moto, musathire madzi. Madzi amachititsa mafuta kuthovoka, moto n'kumwazikira anthu. Vundikirani ndi chitsulo kapena thirani mchenga. Wokazinga aliyense akhale ndi ndowa ya mchenga pambali.

Moto wa kutchire

Kuyambira August mpaka mvula itagwa, udzu umakhala wouma ndipo mphepo imaomba. Nthawi imeneyi ena amatentha tchire pofuna mbewa. Ena amatentha mapesi posa m'munda. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Sufunsa kuti munda uwu ngwa yani. Taganizani, mbewa khumi n'kupsereza udzu wofolerera wa mudzi wonse, msipu wa ng'ombe ndi mitengo imene tinabzala!

Tili ndi nkhalango za boma za Mvai ndi Dzonzi. Damu la Mpira, limene limapereka madzi kuno ku Ntcheu mpaka ku Balaka, limadalira mitengo ya ku Mvai. Mukukumbukira kuti m'chaka cha 2018 damuli linaphwa, anthu n'kuvutika madzi. Phiri likakhala lopanda mitengo ndi udzu, dothi limakokoloka ndipo akasupe amauma. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, ndipo mu 2020 zilango zake zinawonjezedwa. Dziwaninso kuti kutentha nyumba ya munthu mwadala, ngakhale mutayambana chotani, ndi mlandu waukulu. Chilango chake chikhoza kufika pokhala m'ndende moyo wonse.

Tsono udzu usanaumitsitse, lambulani mozungulira nyumba, nkhokwe, khola ndi nkhalango ya mudzi. Mapesi musatenthe. Akwirireni kuti asanduke manyowa.

Moto ukabuka

1. Kuwani kuti anthu amve.
2. Tulutsani anthu poyamba: ana, okalamba ndi odwala. Awerengeni ali panja.
3. Ngati m'nyumba mwadzaza utsi, tulukani chokwawa. Mpweya wabwino umakhala pansi.
4. Musabwererenso m'nyumba kukatenga ndalama kapena katundu. Katundu amagulidwa, moyo sugulidwa.
5. Ngati ndi moto wa magetsi, zimitsani pa swichi yaikulu musanathire madzi.
6. Dziwitsani a mfumu ndi apolisi.

Zovala zikagwira moto musathamange, chifukwa mphepo imakoleza moto. Gonani pansi ndi kugubuduka. Amene ali pafupi akufunditseni bulangete.

Munthu akapsa

Thirani madzi oyera ozizira pamene wapsapo kwa mphindi 20. Muvuleni mphete ndi zibangili pasanatupe. Nsalu imene yamatirira pabala musaimatule. Matuza musaboole. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dothi kapena ndowe. Zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo m'bala. Phimbani ndi nsalu yoyera, mumufunditse kuti asazizidwe, ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Mwana akapsa, kapena wamkulu akapsa kumaso, m'manja kapena malo aakulu, musagone naye pakhomo. Opsa kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli chipinda cha anthu opsa chimene chinatsegulidwa mu 1993.

Ntchito yanu

Amayi ndi abambo, kale mumadinda chala. Lero mumalemba nokha. Tiyeni kulembako kutithandize. Mukafika kunyumba, tengani pepala. Lembanipo nambala ya foni ya a mfumu, ya apolisi a kufupi ndi kwanu, ndi ya mlangizi wa zaumoyo. Pepalalo mulimate pakhoma. Kenaka muwerengere a m'banja mwanu mawu amenewa. Usiku uliwonse, musanatseke chitseko, dzifunseni kuti, "Kodi moto ndazimitsa? Kandulo ndazimitsa? Mbaula ili panja?"

Mafumu athu, chonde nkhaniyi muikambenso pabwalo, kuti mudzi uliwonse upangane tsiku lolambula. Mutu umodzi susenza denga.



Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chifukwa chiyani sitiyenera kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka?
2. Mafuta a pachiwaya akagwira moto tichite chiyani?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene sitiyenera kupaka pabala la moto.
4. Lembani chinthu chimodzi chimene mukonze pakhomo panu sabata ino.