KATUNGWE WA M'KATI MWA WAILESI

Lero ndipereka moni wapadera kwa inu a m'masukulu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, pakuti nkhani ya lero inayambira mu mzinda wanu womwewu wa Lusaka.

Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, dziko lathu likuchedwa Northern Rhodesia. Nkhondo itatha, nyumba youlutsira mauyo inakula nkukhala Central African Broadcasting Station, imene inali kulankhula kwa anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Koma panali bvuto limodzi lalikulu. Mau anali kuuluka mu mlengalenga, koma anthu ambiri analibe cowalandirira. Mawailesi a masiku amenewo anali okwera mtengo, ndipo ambiri anali kufuna magetsi a m'nyumba, amene ku midzi ndi ku makomboni kunalibe.

Mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani za boma, a Harry Franklin, anafunafuna kampani imene ikanapanga wailesi yochipa, yolimba ndi yoyendera batire. Potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku Britain inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 wailesiyo inafika. Cigoba cake cinali cozungulira, ca aluminiyamu, cobiriwira ngati thambo, cooneka monga poto wophikira, ndipo cifukwa ca ici inachedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake linali masheleni 25, ndipo batire limodzi linali kugwira nchito maola pafupifupi 300. Mabowo ake anawatseka ndi tisefa kuti tizirombo tisalowemo. Kupyolera mu kapoto kameneka agogo athu anamva nkhani ndi nyimbo m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi, anamvanso mau a woimba ndi woulutsa wochuka uja, a Alick Nkhata.

Tsono funso lathu ndi ili. Mu mlengalenga munali mafunde a mawailesi ambiri, ocokera ku London, ku Johannesburg ndi kwina. Kodi kapoto kaja kanali kusankha bwanji mau a ku Lusaka nkusiya enawo? Yankho liri mu cipangizo cimene akatswiri amacicha osileta. Ine ndidzacicha katungwe wa magetsi, ndipo mumva posacedwa cifukwa cake.

Nonsenu mumadziwa katungwe. Mnzanu akakhala pa katungwe, inu nkumukankha kamodzi, amapita uku ndi kubwera uku. Mukamuleka, katungwe amayamba kufooka mpaka kuima, popeza mphepo ndi kukhulana kwa cingwe pa nthambi zimadya mphamvu yake. Kuti asaime, muyenera kumukankha pang'ono ulendo uliwonse, ndiponso pa nthawi yake yeniyeni. Mukakankha pamene iye akubwera kwa inu, mumuimitsa. Akulu anati katungwe nkukankhana. Onaninso kuti katungwe wa cingwe cacitali amayenda mwacifatse, koma wa cingwe cacifupi amapita ndi kubwera msangamsanga. Utali wa cingwe ndiwo umalamula kuti apite ndi kubwera kangati pa mphindi imodzi.

M'kati mwa wailesi muli katungwe wotere, koma amene akwerapo ndi magetsi. Katungweyu ali ndi zigawo ziwiri. Coyamba ndi koilo, ndiye kuti waya wa mkuwa wokulungidwa mozungulira kambirimbiri, mkuwa wonga womwe uja umakumbidwa ku Migodi. Caciwiri ndi kondensa, ndiye kuti timapale ta citsulo toyang'anizana koma tosakhudzana, timene timasunga magetsi kwa kanthawi. Mukalumikiza ziwirizi, magetsi amacoka pa mbali imodzi ya kondensa, nadutsa mu koilo, nakadzaza mbali inayo, kenaka nabwereranso. Kupita ndi kubwera kumodzi pa sekondi kumachedwa hertz imodzi, polemekeza Heinrich Hertz wa ku Germany, amene anaonetsa kuti mafunde a wailesi alipodi m'zaka za 1887 ndi 1888. Katungwe wa pa mtengo amatenga masekondi angapo kuti apite ndi kubwera kamodzi. Wa mu wailesi amatha kutero maulendo 5,000,000 pa sekondi imodzi.

Tiyeni ticite masamu pang'ono. Mafunde a wailesi amathamanga mamita 300,000,000 pa sekondi. Ngati pa sekondi imodziyo patuluka mafunde 5,000,000, gawani nambala yoyamba ndi yaciwiri, mupeza kuti funde lirilonse ndi lotalika mamita 60. Awa ndiwo amachedwa mafunde aafupi. Ubwino wao ndi wakuti amakagunda kumwamba, pa mpweya wokhala ndi magetsi wochedwa ionosphere, nabwereranso pansi kutali kwambiri. Ndico cifukwa cake mau a ku Lusaka anali kumveka mpaka ku Nyasaland.

Nanga ndani amakankha katungwe wa magetsi kuti asaime? Munthu sangathe kukankha maulendo 5,000,000 pa sekondi. Masiku a agogo athu nchitoyi inali ya valavu, ndipo mu Saucepan Special munali mavalavu anai. Valavu ndi kabotolo ka galasi kocotsedwa mpweya wonse. M'kati mwake muli kawaya kamene kamatenthedwa ndi batire. Kakatentha kamatulutsa tinthu tating'ono kwambiri ta magetsi tochedwa maelekitironi, ndipo tinthuti timaulukira ku kambale ka citsulo kamene kamatikoka. Valavu yoyamba yotere anaipanga John Ambrose Fleming wa ku England m'caka ca 1904. M'caka ca 1906 Lee de Forest wa ku America anaika kasefa ka waya pakati pa kawaya kotentha ndi kambale kaja. Kasefa kameneka kali ngati mlonda wa pa cipata. Magetsi ocepa kwambiri akafika pa iko, kamatsegula kapena kutseka njira ya maelekitironi ambirimbiri. Motero kanthu kakang'ono kamalamula cinthu cacikulu, ndipo valavu imakulitsa cimene yalandira.

Nzeru yotsatira inali yakuti atapeko pang'ono pa mphamvu imene valavu yakulitsa, nkuibwezera ku katungwe pa nthawi yake. Edwin Armstrong wa ku America ndi Alexander Meissner, amene anali kugwira nchito ku Germany, anaipeza nzeruyi m'zaka za 1912 ndi 1913. Munaionapo kale, ngakhale simunadziwe. Pa msonkhano wa sukulu kapena ku chalichi, wolankhula akayandikitsa maikolofoni ku cimkuzamau, pamamveka kulira kobaya m'makutu. Mau otuluka abwerera kolowera, akulitsidwa, abwereranso, osaleka. Pa msonkhano ndi cisokonezo, koma mu osileta ndi cimene tifuna.

Pali njira ziwiri zochuka zobwezera mphamvuyo. Ralph Hartley, m'caka ca 1915, analumikiza waya wacitatu pa thupi la koilo, natapa mphamvu pamenepo. Edwin Colpitts, m'caka ca 1918, anasiya koilo yathunthu, naika makondensa awiri motsatana, natapa mphamvu pakati pao. Njira zonse ziwiri zikuphunzitsidwabe kufikira lero. Wopanga ayenera kuyesa bwino mlingo wake. Akabweza yocepa, katungwe sayamba. Akabweza yocuruka, amatulutsa mafunde ena osafunika amene amasokoneza anzake.

Tsono mu wailesi yolandirira, nchito ya katungweyu ndi iyi. Mafunde ake amasakanizidwa ndi mafunde amene alowa kucokera kunja, ndipo pa kusakanizako pamatuluka funde latsopano, lolingana ndi kusiyana kwa awiriwo. Kutsogolo kuli khomo lopapatiza lolola nambala imodzi yokha, tinene 465,000. Ngati mufuna wailesi imene iri pa 5,000,000, katungwe wanu ayenera kukhala pa 5,465,000. Cotsani, mupeza 465,000, ndipo wailesi imeneyo idutsa pa khomo pamene zoyandikana nazo zitsala kunja. Pamene agogo anali kupotokola kakonokono kofunira siteshoni, anali kulowetsa kapena kutulutsa timapale ta kondensa, monga munthu wotalikitsa kapena kufupikitsa cingwe ca katungwe.

Kupanga katungwe wothamanga cotere kuli ndi malamulo ake, ndipo ine ndinawaphunzira mwa manyazi. Ndiri pa maphunziro a ku yunivesite, mkulu wina wokonza mawailesi pa msika ku Matero anandipatsa valavu yakale. Ndinamanga osileta yanga pa thabwa, ndi mawaya aatali olendewera. Inagwira nchito, pakuti ndinamva mluzu wake mu wailesi ina imene ndinaiika pafupi. Koma ndikayandikitsa dzanja, mluzu unali kuthawa, ndipo ngakhale osaikhudza unali kusuntha wokha pang'onopang'ono. Ndinabwerera kwa mkuluyo ndi kunena kuti, "Bambo, valavu imene munandipatsa ndi yakufa." Iwo anayang'ana thabwa langa, naseka, nati, "Mwana wanga, valavu iribe mlandu. Mawaya akowa ali ngati a poyanika zobvala. Kadule."

Anali kunena zoona, ndipo zifukwa zake ndi izi. Pa mafunde aafupi koilo imakhala ya mizere yowerengeka ndipo kondensa imakhala yaing'ono. Cotero waya uliwonse wautali umasanduka kakoilo kena, ndipo mawaya awiri oyandikana amasanduka kakondensa kena. Ngakhale dzanja la munthu limaonjezerapo. Lamulo loyamba tsono ndi lakuti mawaya akhale aafupi, onenepa ndi omangika zolimba. Laciwiri, katungwe achingidwe ndi cigoba ca citsulo kuti dzanja lisamusokoneze. Lacitatu, koilo ikhale patali ndi valavu, popeza valavu imatentha, ndipo citsulo cikatentha cimafutukuka, koilo nkusintha msinkhu, siteshoni nkusowa. Lacinai, mphamvu ya batire ikhale yosasinthasintha. Batire la mawailesi otere likafooka, kawirikawiri katungwe ndiye anali kuyamba kuima, wailesi nkungokhala cete. Lacisanu, katungwe asasenzetsedwe katundu wolemera. Pa makina oulutsira mau, osileta imakhala yaing'ono, ndipo mavalavu ena otsatira ndiwo amakulitsa mphamvu yake isanafike ku mlongoti. Kuti nambala ya siteshoni isasunthe, amagwiritsa nchito kamwala kosemedwa ka quartz, kamene kamanjenjemera pa mlingo umodzi wokha. Walter Cady wa ku America ndiye anayamba kucita zimenezi m'caka ca 1921.

Mavalavu anacoka m'mawailesi a m'nyumba atabwera transista, imene inapezedwa ku America m'caka ca 1947. Transista ndi yaing'ono, sifuna kutenthedwa, ndipo imadya batire pang'ono. Koma katungwe sanacoke. Ali mu wailesi iriyonse, mu foni ya m'manja, mu kompyuta ndi mu wochi ya batire. Wosintha ndi wokankha yekha. Ndipo valavu ya mtundu wina yochedwa magnetron ikali kugwira nchito mu mbaula za microwave, mmene imapanga mafunde 2,450,000,000 pa sekondi.

Ndiri ndi macenjezo awiri. Mukapeza wailesi kapena wailesi ya kanema yakale ya mavalavu, musaitsegule. Zimene zimalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba zimakhala ndi mphamvu ya mavoti mazana angapo, ndipo makondensa ake amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Akhoza kukuphani. Caciwiri, mlengalenga ndi wa tonse. Munthu saloledwa kuulutsa mafunde popanda cilolezo, cifukwa akhoza kusokoneza ndege, apolisi ndi a zipatala. Muno mu Zambia bungwe la ZICTA ndilo limagawa mafundewo.

Aphunzitsi, phunziro likatha citani izi ndi ana. Mangirirani kamwala ku ulusi wotalika mita imodzi, muukoloweke pa msomali, ndipo ana awerenge kuti kapita ndi kubwera kangati pa mphindi imodzi. Apeza pafupifupi 30. Kenaka fupikitsani ulusiwo ukhale masentimita 25. Apeza pafupifupi 60. Ulusi wacepa kanai, koma liwiro lacuruka kawiri kokha. Lamulo lomweli ligwira nchito mu wailesi: kondensa ikacepa kanai, mafunde amacuruka kawiri. Pambuyo pake afunseni kuti apeze utali wa funde la wailesi imene itulutsa mafunde 10,000,000 pa sekondi, ndiponso kuti afotokoze m'mau ao cifukwa cake katungwe amaima akapanda womukankha.

Ana inu, Saucepan Special inaganiziridwa mu Lusaka, koma inapangidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo ife tinali ogula cabe. Dziko limene lidziwa kugula kokha, cinthu cikafa limadikira mlendo. Mkulu uja wa ku Matero analibe digiri, koma anandiphunzitsa cimene ndinalephera kuona m'mabuku, cifukwa anali kuyang'anitsitsa ndi kufunsa. Mukadutsa pa wokonza mawailesi kapena mafoni pa msika wa kwanu, perekani moni mwaulemu, mupemphe kuti akuonetseni koilo ndi kondensa, ndipo mawa mukauze anzanu m'kalasi zimene mwaona.