CILUNGULIRA NDI NZERU ZA ASING'ANGA A KU INDIA

Lero tikambirana za cilungulira, nthenda imene ivuta anthu ambiri, makamaka m'nyengo ya masika pamene mbatata, nshawa ndi nyemba zaculuka pakhomo.

Cilungulira cibwera motere. M'cifu mwa munthu muli madzi owawasa kwambiri amene agaya cakudya. Pamene pathera m'mero pali mnofu wotseka ngati citseko. Citsekoco cikalephera kutseka bwino, madzi aja akwera, ndipo munthu amva kutentha pamtima ndi kuwawasa kukhosi.

Ku India kuli using'anga wakale, dzina lace Ayurveda. Nzeru zace zinalembedwa m'cinenero ca Sanskrit, ndipo limodzi la mabuku ace akulu, Charaka Samhita, lakhalapo zaka pafupifupi 2,000. Boma la India linakhazikitsa unduna woyang'anira using'anga wotere m'caka ca 2014. Asing'anga amenewa acula nthendayi kuti amlapitta. Iwo ati m'mimba muli moto wogaya cakudya, dzina lace agni. Amai adziwa bwino kuti moto wa pamafuwa ukacepa nsima sipsa, ukaculukitsa ipserera. Tsono iwo ati ndi momwenso ucitira moto wa m'mimba.

Cimene aphunzitsa coyamba si mankhwala ai, koma kadyedwe. Ati munthu agawe mimba yace patatu: gawo limodzi la cakudya, lina la zakumwa, lacitatu likhale lopanda kanthu. Atinso asadye pamene cakudya coyamba cisanagayike, asadye mothamanga, ndipo acepetse tsabola, zokazinga, zowawasa ndi mowa. Pa zambiri za izi madotolo a cipatala abvomerezana nao.

Onani tsono macitidwe athu. Mlimi alawira kumunda osalawa kanthu, agwira khasu kufikira dzuwa litapendeka, ndipo madzulo adya mtanda pa mtanda kufikira mimba itati ndi! Asanasambe m'manja bwino ali pamphasa. Kodi madzi owawasa aja alekerenji kukwera? Yambani tsiku ndi phala kapena mbatata pang'ono. Mukadya masana musawerame msanga ndi khasu. Madzulo idyani dzuwa likangolowa, papite maola atatu musanagone, ndipo kumutu kwa pogona panu kukhale kokwera. Fodya ndi kacasu zifooketsa citseko ca m'mero cija.

Mankhwala ao ambiri ndi zomera. Aviika njere za dhania m'madzi usiku, m'mawa namwa madziwo. Atafuna njere za saunf akatha kudya. Agwiritsanso nchito cipatso cowawasa dzina lace amla, ndi muzu wotsekemera wa yashtimadhu. Njere za dhania zipezeka m'masitolo ogulitsa zokometsera ndiwo, ndipo zimera bwino m'dimba nyengo yozizira. Zomera izi zingapepuze munthu, koma siziciza cilonda ca m'mimba. Muzu wotsekemera uja ukweza kuthamanga kwa magazi ukamwedwa masiku ambiri, motero si wabwino kwa amai apakati ndi odwala mtima.

Cenjerani ndi mapilisi ndi maufa a m'mabotolo amene simudziwa kumene anapangidwa. M'caka ca 2004 madotolo a ku Boston, m'dziko la America, anapima mankhwala a Ayurveda okwanira 70 ogulidwa m'masitolo, napeza kuti 14 anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Arsenic ndi poizoni uja kale ankathira m'madibi a ng'ombe, ndipo za mtovu tidziwa mmene wapwetekera ana ku Kabwe.

Dziwaninso ici. M'caka ca 1982 madotolo awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kuti zilonda zambiri za m'mimba ziyamba ndi kacirombo, dzina lace Helicobacter pylori. Kacirombo aka kafa ndi mankhwala a cipatala omwedwa sabata imodzi kapena awiri. Zilonda zina ziyamba ndi mapilisi opha ululu monga aspirin ndi diclofenac, amene alimi ambiri amwa tsiku ndi tsiku cifukwa ca msana.

Cifukwa cace ngati cilungulira capitirira masabata atatu, pitani kucipatala. Koma mukasanza magazi, cimbudzi cikada ngati makala, cakudya cikamatsamwa pakhosi, mukamaonda popanda cifukwa, kapena kupweteka kwa pacifuwa kukafika kudzanja ndi kutuluka thukuta, musadikire kuce. Pitani tsiku lomwelo, pakuti wina aganiza kuti ndi mbatata pamene ndi mtima.

Kwa asing'anga a ku India titengeko cimene sicifuna ndalama, ndico kudya moyenera, pa nthawi yace, ndi kusiya malo m'mimba. Amai, phikani msanga ca madzulo. Abambo, lawani kanthu musanatenge khasu.