Chipale Chofeŵa pa Mseu wa ku Durban

Lero tikambe za chinthu chimene ambiri a ife sitinachionepo ndi maso. Matalala timaŵadziŵa. Amagwa ndi mvula naononga fodya m'munda. Koma chipale chofeŵa nchina. Chimagwa mwakachetechete ngati thonje, ndipo chikaunjikana chimakwirira udzu, mseu, ngakhale matayala a galimoto.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza ndithu. Ana athu ambiri ali ku South Africa, ndipo ena ndi madalaivala a malole amene amakatenga katundu ku doko la Durban. Mseu wochokera ku Johannesburg kupita ku Durban umatchedwa N3. Kutalika kwake kumaposa makilomita 550. Pakati pa Harrismith ndi Ladysmith mseuwu umadutsa m'mapiri a Drakensberg, pamalo otchedwa Van Reenen's Pass. Ndi malo okwera kwambiri, ozizira koopsa.

Pa 20 ndi 21 September 2024 chipale chambiri chinagwa kumeneko, ngakhale kuti miyezi yozizira ya June, July ndi August inali itapita kale. Mseu unatsekedwa. Magalimoto, mabasi ndi malole mazanamazana anaima pamzere wautali, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Anthu anagona m'magalimoto momwemo. Mayi wina wa zaka 39, amene anali m'minibasi, anamwalira chifukwa thupi lake linazizira mopitirira muyeso.

Tsono tione chimene chimachitika pamseu. Madzi amaundana kukazizira kufika pa digiri 0. Masana chipale chimasungunuka pang'ono, usiku madzi aja amaundana nasanduka ayezi. Chipale chimaoneka, pakuti nchoyera mbuu! Koma ayezi wopyapyala saoneka. Dalaivala amangoyesa kuti mseu wanyowa chabe. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni.

Nonse mukudziŵa mmene mseu wa katondo umaterera mvula ikagwa. Ayezi amaterera kuposa pamenepo. Tayala limasoŵa pogwira. Kuti galimoto iime pa ayezi, imatha kufuna mtunda wotalika kakhumi kuposa pa mseu wouma. Ngati masiku onse imaima pa mamita 20, pa ayezi ikhoza kuserereka mpaka mamita 200. Amenewo ndi mabwalo aŵiri a mpira! Pa milatho ndi pamene pamayamba kuundana, chifukwa mphepo yozizira imaomba pamwamba ndi pansi pomwe. M'malo a mthunzi ayezi amachedwa kusungunuka.

Nanga dalaivala achite chiyani? Ayende pang'onopang'ono, ndipo atalikirane kwambiri ndi galimoto ya patsogolo. Asaponde mabuleki mwamphamvu, asakhotetse chiwongolero modzidzimutsa. Ponyamuka ndi galimoto yaing'ono ayambire giya 2 kuti matayala asangozungulira pamodzimodzi. Pa mtsetse aike giya yaing'ono asanayambe kutsika. A lole asamale koposa, pakuti ngolo ya kumbuyo ikaterera imapindika nitseka mseu wonse. Lole imodzi ikhoza kugoneka anthu ambirimbiri pathengo.

Mseu ukatsekeka, musatuluke kuti muyende pansi kukafuna thandizo kutali. M'chipale munthu amasokera msanga, ndipo zovala zikanyowa thupi limazizira mofulumira. Khalani m'galimoto, fundani, khalani moyandikana. Mukhoza kuliza injini kwa mphindi 10 pa ola lililonse kuti mumve kutentha. Koma yambani mwachotsa chipale pa paipi yotulukira utsi, ndipo tsegulani zenera pang'ono. Paipi ikatsekeka, mpweya woipa umabwerera m'kati. Ulibe fungo, suoneka. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka.

Ena amati mowa umatenthetsa thupi. Limenelo ndi bodza. Munthu amangomva kutentha pakhungu, pamene m'kati thupi likuzizirabe. Mukaona mnzanu akunjenjemera kwambiri, lilime likulemera, tulo tikumugwira, dziŵani kuti zafika poipa. Mvuleni zonyowa, mfunditseni zouma, mpatseni chakumwa chofunda ngati angathe kumeza, ndipo imbani foni kuitana thandizo.

Inu amene mwana wanu kapena amuna anu amayenda mseu umenewu, tsopano mukutha kulemba. Alembereni uthenga. Auzeni kuti asananyamuke ku Johannesburg kapena ku Durban amvere za nyengo pa wayilesi, adzaze mafuta, ndipo anyamule bulangete, jekete lochindikala, madzi akumwa, tochi ndi chakudya cha masiku aŵiri.