KUMATIRIRA KWA ZAM'MIMBA PAMBUYO PA OPALESHONI

Amayi anzanga, m'sewero lija tinamva za mayi yemwe anabereka mwa opaleshoni. Patapita zaka zitatu anayamba kumva kupotokola m'mimba ndi kusanza. Apongozi ake anati walodzedwa, ena anati adokotala anaiwala sizasi m'mimba. Kuchipatala anapeza kuti matumbo ake anamatirira pachipsera cham'kati. Tiyeni tikambirane za vuto limeneli.

Kodi limayamba bwanji?

M'kati mwa mimba muli kachikopa kosalala ndi koterera kamene kamakuta matumbo ndi chiberekero kuti ziziyenda bwino popanda kukolana. Kachikopa kameneka kakadulidwa, thupi limatulutsa zinthu zonanda ngati ulimbo zotchedwa fibrin kuti bala litsekeke. Ulimbo umenewu umayenera kusungunuka pakatha masiku ochepa. Ukapanda kusungunuka, sabata isanathe umayamba kulimba, ndipo umasanduka timizere tonga zingwe tomanga chiwalo china ku chinzake. Kafukufuku wa ku London wa m'chaka cha 1990 anapeza timizere timeneti mwa anthu 93 pa 100 alionse amene anachitidwapo opaleshoni yotsegula mimba. Ambiri mwa anthu otere sadwala konse. Koma kwa ena timizereti timapinda matumbo, timabweretsa ululu wosatherapo, kapena kutseka njira za mazira mpaka mayi kulephera kutenga pakati. Timachititsanso kuti opaleshoni yachiwiri ikhale yovuta ndi yotenga nthawi.

Izi sizitanthauza kuti tiziopa opaleshoni ayi. Mwana akapingasa kapena njira ikachepa, opaleshoni ndiyo imapulumutsa mayi ndi mwana yemwe.

Kodi pali mankhwala?

Timizere tikalimba palibe mapilitsi kapena zitsamba zimene zingatisungunule. Tikatseka matumbo, nthawi zina adokotala amachita kutidula, koma kudulako kungabalenso tina. N'chifukwa chake akatswiri amafunafuna njira yopewera. M'chaka cha 1996 dziko la America linavomereza kansalu kotchedwa Seprafilm, kamene amakayala m'mimba asanasoke, ndipo kamasungunuka kokha. Kamachepetsa vutoli koma sikalithetsa.

Njira ina imene akuyesa ndi yogwiritsa ntchito majini. Sitikunena majini a mizimu ayi, koma timalangizo tachibadwa timene timauza thupi zoyenera kupanga. Thupi lili ndi mankhwala akeake otchedwa tPA amene amathandiza kusungunula ulimbo uja, koma pambuyo pa opaleshoni amachepa. Akatswiri anatenga kachilombo kofooketsedwa, nakasenzetsa langizo lopangira tPA, ndi kukathira m'mimba mwa makoswe ochitidwa opaleshoni. Makoswe amenewa anali ndi timizere tochepa kuposa anzawo. Komabe njirayi idakali pa kafukufuku ndipo siperekedwa kwa odwala. Kuopsa kwake n'kwakuti tPA akachuluka bala lingathe kutaya magazi. Choncho munthu wina akakuuzani kuti akugulitsa mankhwala otere, musamupatse ndalama zanu.

Nanga ife tichitepo chiyani?

Matenda ndi mafinya m'mimba zimachulukitsa timizere. Choncho matenda akayamba pitani kuchipatala msanga, musadikire kunyumba mpaka zithine. Mukachitidwa opaleshoni samalani bala, malizani mankhwala onse amene mwapatsidwa, ndipo bwererani mukaona mafinya, fungo loipa kapena kutentha thupi. Matenda opatsirana pogonana nawonso amamata njira za mazira, ndiye mukalandire chithandizo pamodzi ndi abambo akunyumba. Lerani kwa zaka ziwiri musanatenge pakati pena. Mukatenga, auzeni anamwino kusikelo kuti munachitidwapo opaleshoni, ndipo mukachilire kuchipatala chimene chili ndi chipinda cha opaleshoni.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kupotokola m'mimba kobwera ndi kupita, kusanza kosalekeza makamaka zobiriwira, mimba kutupa, ndi kulephera kuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya. Zingabwere ngakhale patapita zaka khumi. Mukaziona musamwe mankhwala otsegula m'mimba kapena azitsamba, musakakamize kudya, ndipo musadikire kuti kuche. Dera lamatumbo limene lafinyika lingathe kufa pa maola ochepa. Thamangirani kuchipatala, ndipo mukafika onetsani chipsera chanu.

Mayi wa m'sewero uja anachira chifukwa mwamuna wake anafuna galimoto usiku womwewo. Kawafotokozereni abambo ndi apongozi zimenezi lero, kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale mkangano.